Ku Mafuwa, Kumene Constância Anasiya Amake

Pamsika wa ku Mongue, munthu amene sanakanganepo ndi Constância ndiye kuti sanagulepo makaka. Mayiyu ankakhala pakona, pafupi ndi okonza njinga, ali ndi lichero la chinangwa choumitsacho ndi kadengu ka nandolo, ndipo pakamwa pake panali tsabola weniweni. Ukagwira makaka ake n'kuwabwezera, ankakufunsa ngati unasamba m'manja. Ukati ndi akuda, ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kukufunsa kuti nanga iwe kuyera kwako kuli pati. Anthu ankagulabe, chifukwa makaka ake sankawawa, ndipo ena ankangobwera kudzamva amene atukwanidwe tsiku limenelo.

Anali mmodzi wa anthu amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Zaka zisanu ndi zitatu anazithera m'kampu kutsidya kwa Ruo, kufola pamzere wa ufa ndi nyemba. Anabwera mu 1994 pa lole, iye, mwamuna wake José ndi ana awiri, atanyamula makasu atsopano, chidebe, pepala labuluu lofolerera nyumba ndi thumba la mbewu zochokera ku bungwe. Anthu amene sanathawe, amene anadya mizu ndi mango osakhwima zaka zonsezo, anaima m'mbali mwa msewu atavala masaka, kumangoyang'ana makasuwo. Obwererawo anapatsidwa dzina loti maregresado, ndipo dzinalo anthu ankachita kulilavula. Chidani chinayambira pamsewu pomwepo, ndipo kunena zoona, munthu wovala saka n'kovuta kumudzudzula.

Koma chimene chinkamudya Constância sichinali dzinalo. Mu 1986, tsiku limene anyamata a mfuti anatentha mudzi wawo, iye anathawa ndi mwana mmodzi kumsana, wina kudzanja. Amake, a Bernardina, miyendo inali itafa kale ndi matenda, ndiye José anawabereka, apongozi ake enieni, chinthu chimene pa mtendere sakanachilota n'komwe. Anayenda mpaka pamtsinje wa Namirere, pamiyala ikuluikulu imene anthu amaitcha Mafuwa. Pamenepo José mawondo anakana. Mfuti zinali kumveka pafupi, ndipo kutsogolo kunali mtunda wautali. Anawagoneka a Bernardina kuphanga la pansi pa miyalayo, kuwasiyira chikho cha madzi, chinangwa chochepa ndi nsalu yofunda. Constância anagwada n'kunena kuti, "Mayi, mawa ndibwera kudzakutengani."

Mawa lake José anayesa kubwerera, koma anapeza anyamata a mfuti atakhala padooko. Anayesanso mkuja wake, chimodzimodzi. Patatha sabata, m'kampu munafika mayi wina wa mudzi woyandikana nawo, amene analumbira kuti ku Namirere sikunatsale chamoyo. Constância analira, anameta, anapempha misa. Ndipo pansi pa mtima, pamene sankauzapo munthu, anapumako pang'ono, chifukwa ngati amake anafa ndiye kuti sanali kumudikira. Kupumako kumeneko kunkamuchititsa manyazi, ndipo manyaziwo ankawathira pa aliyense amene wamuyandikira.

Mlongo wake wamng'ono, Américo, tsiku la moto lija anali atapita ku Molumbo, ndipo onse ankamuwerengera kwa akufa. Ndiye tangoganizani, potsika pa lole paja, Constância anamuona ali chiimire pakati pa ovala masaka, wowonda, ndevu zili nyankhalala. Anataya chidebe n'kumuthamangira akulira. Américo anangomupatsa nsonga za zala.

"Mwanenepa, achemwali," anatero.

"Achimwene, muli moyo. Nanga za mayi munamva?"

"Anamwalira. Ndinawaika ine."

"Munawaika pati?"

"Komwe munawasiya."

Atatero anatembenuka n'kumapita, ndipo kwa chaka chathunthu sanawonjezerepo liwu. Constância anamutumizira ufa, ufawo unabwerera. Anamutumizira khasu limodzi mwa atsopano aja, m'mawa analipeza litatsamira pakhomo pake. Akakumana panjira, Américo ankapereka moni wa ulemu wonse, wa mtundu umene umapweteka kuposa kutukwana.

Wina angati, bwanji sanangopita yekha ku Mafuwako? Ameneyo sakudziwa Mongue wa masiku amenewo. M'tchire munali mabomba okwirira, ndipo ochotsa mabomba anali atalekezera miyala yawo yopaka utoto wofiira kuseri kwa sukulu. Kupitirira pamenepo, njira ankaidziwa ndi okhawo amene anakhalamo nthawi ya nkhondo, ndipo ya ku Namirere ankaidziwa ndi Américo. Komanso ngakhale mabomba pakanapanda, kumanda munthu sapita yekha ngati kokatola nkhuni. Amene sanakhalepo pamaliro amatengedwa ndi amene anaika, amasonyezedwa kuti kumutu ndi uku, kumiyendo ndi uku, ndiyeno amalira, maliro ake n'kutha. Mpaka atasonyezedwa, Constância anali mwana amene sanaike amake, ndipo amayi a pachitsime ankaonetsetsa kuti asaiwale.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Novembala uli pafupi, anthu anayamba kukonzekera finado, tsiku limene aliyense amakasesa pamanda a abale ake n'kuyatsapo kandulo. José, amene anaphunzira ukalipentala m'kampu, anapala mtanda wa mbawa. Anatenthetsa msomali n'kulembapo dzina la apongozi ake, pansi pake chaka cha 1986. Unali mtanda wabwino, wosalala, ndipo Constância anaukulunga m'kapulana, nsalu yake yatsopano, imene anali asanavalepo.

Lamlungu, mapemphero atangotha m'kachalitchi kawo kaudzu, anthu asanabalalike, Constância anaima pakhomo n'kukweza mawu.

"A katekista, ndi inu nonse, tamufunseni munthu uyu. Mayi anabereka iye yekha? Wawabisa ngati makaka a pa tsindwi. Lachinayi aliyense akasesa kwa amake, ine ndikasese kuti, pamsika?"

A Ilídio, katekista wawo, anayamba kunena za kukhululukirana, koma Américo sanawadikire kuti amalize. Anavala chipewa chake pang'onopang'ono.

"Lachinayi m'mawa," anatero. "Ndikakufikitsani pamiyala. Zimenezo zokha. Manda mukafune nokha, poti mukuwadziwa bwino malowo."

Ananyamuka dzuwa litangotuluka, awiriwiri. José anafuna kutsatira, koma Américo anati iye saperekeza gulu. Atadutsa mwala wofiira womaliza, Américo anaima osacheuka.

"Muziponda pomwe ndaponda. Mukafuna kutukwana, tukwanani muli pamzere."

Constância anasenza mtanda pamutu, maso ali pa zidendene zong'ambika za mlongo wake, phazi lake kuliika m'phazi la iye. Kunkatentha koopsa, nyenje zikulira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa. Anadutsa pabwinja la mudzi wawo, pamene panatsala mitengo ya mango yokha ndi mtondo wowola. Mantha anamugwira Constância njira yonse, ndipo zinkamunyansa kuti moyo wake uli m'manja mwa munthu amene sankafuna n'komwe kumuyang'ana.

Anamva mtsinje asanauone. Kenaka mitengo inatha, Mafuwa aja ali poteropo.

Masiku ano aphunzitsi a ku Milange amapalasa njinga Lamlungu kukajambulitsa kumeneko, ndipo sitingawanene, malowo ndi okongoladi. Miyala itatu yotuwa, iliyonse yotalika kuposa mtengo wa mango, inaima moyandikana ngati mafuwa a pamoto, ndipo pamwamba pake panagona mwala wina wafulati, waukulu ngati bwalo. Mtsinje unkadutsa m'mphepete, ukugawikana m'timakwalala ta m'thanthwe, n'kukagwera m'dziwe lobiriwira lozunguliridwa ndi mchenga woyera. Mtengo wa kachere unamera pamng'alu, mizu yake itakumbatira mwala mpaka pansi. Anamzeze ankalowa ndi kutuluka kuphanga, agulo a mitu yabuluu akuwothera dzuwa.

Constância anaima n'kuyang'ana, ndipo kukongolako kunamukwiyitsa. Tsiku lothawa lija sanaone chilichonse cha zimenezi, anangoona dzenje lobisamo munthu. Zaka zonse m'maloto ake malowa anali amdima ndi onunkha. Tsopano anawapeza akuwala, mbalame zikusewera, ngati sipanachitike kanthu.

"Pano mabomba palibe," anatero Américo. "Yendani momwe mufunira."

Constância anawerama n'kulowa kuphanga. Munali mozizira bwino. Maso atazolowera, anaona kuti denga lonse linali lakuda bii ndi mwaye wokhuthala. Pakona panali mapale a mphika, pathanthwe kadzenje kosalala koperapo, ndipo cha kukhomo kunali miyala yoyalidwa bwino ngati pogona, pamalo oti munthu atakhala tsonga ankatha kuona njira yotsikira kudooko. Anaganiza kuti mlongo wake anakhalitsamo yekha muno, ndipo kachisoni kanayamba kumugwira. Koma Américo analankhula ali kunja.

"Tamasulani katundu wanuyo, tione zimene maregresado amabweretsera akufa."

Constância anatuluka, anamasula kapulana, n'kuimika mtanda uja monyadira. Américo anawerenga dzina, anawerenga chaka, kenaka anaseka. Kunali kuseka koipa, kopanda mano.

"1986. Anakuuzani ndani?"

"Nanga si chaka chomwe anafa?"

"Chimenecho ndi chaka chomwe munawasiya. Mayi anamwalira mu 1989, mango atayamba kupsa."

Constância anamva ngati thanthwe lapendekeka. Anagwira mtanda ndi manja onse awiri.

"Ukunama, Américo."

"Ndinawapeza tsiku lachinayi mutawasiya, akunyambita madzi odontha pamwala. Chikho chanu chinali chitauma. Ndinayesa kuwabereka kuti tiwoloke, kawiri konse tinabwerera padooko. Ndiye tinakhala. Mwaye mwauonawo ndi wa zaka zitatu. Ndinkakumba zilazi za m'tchire, ndinkaba chinangwa m'minda ya anthu othawa, moto ndinkasonkha wa nkhuni zouma kuti utsi usaoneke. Inu nthawi imeneyo n'kuti mukudandaula kuti nyemba za m'kampu sizikupsa msanga."

"Tinauzidwa kuti kuno kunalibe wamoyo. Ndinameta ine, ndinalira."

"Munameta munthu ali moyo. Munafunsa kangati? Anthu ankawoloka mobisa kukasinthanitsa nkhuku ndi mchere, chaka ndi chaka. Munatumako mmodzi kuti akasuzumire kuphanga?"

Sanatumeko. Constância ankadziwa kuti sanatumeko, ndipo ankadziwanso chifukwa chake. Koma pakamwa pozolowera nkhondo sipagonja msanga.

"Iwe unali kuti tsiku la moto? Unali ku Molumbo kothamangitsa atsikana. Ine ndinali ndi ana awiri ndi msana umodzi. Ukanafuna ndisiye uti, wa kumsana kapena wa kudzanja? Tandiuza, poti ndiwe woyera mtima. Mayi eni ake anati pitani."

"Anatero, inde. Anandiuza."

"Ndiye ukundizunziranji?"

Américo anakhala pamwala, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Polankhula, mawu ake anatsika, ndipo zinali bwino akanakalipa.

"Pogona paja munapaona? Anandiuza okha kuti ndiwayalire pakhomo, kuti aziona njira. M'mawa uliwonse ndinkawakhazika tsonga. Madzulo tikamadya, ankapatula kachidutswa n'kukakulunga m'tsamba. Ankati, Constância anati abwera mawa, adzafika ndi njala. Tsiku lina chakudya chonse chinali kachinangwa kamodzi, anapatulabe. M'mawa ndinkadya ndine, mobisa, n'kuwauza kuti makoswe atenga. Zaka zitatu, achemwali, sanakunenereni choipa ngakhale kamodzi. Ine amene ndinkawatawasa, ankandiitana dzina lanu akasokonezeka."

Constância anati alankhule, koma Américo anamudula.

"Sindinamalize. Atamwalira, kunalibe mayi woti awasambitse. Kunalibe adzukulu oti akumbe. Inu mukudziwa mwambo, mwana wamwamuna sayandikira pamene akusambitsa amake. Ndinadikira tsiku lathunthu, kuti mwina padutsa munthu wamkazi, ngakhale wamisala. Sipanadutse munthu. Ndinawavula ndekha, ndinawasambitsa ndi manja awa, ndinaona zimene mwana sayenera kuona. Manda ndinakumba ndi chibenthu cha khasu. Inali ntchito yanu imeneyo, ndi amayi anzanu. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona. Ndiye mubwere ndi kamtengo kanu kopala bwino, kolembedwa bodza, muti ndikusonyezeni?"

"Achimwene," anatero Constância, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wake kuchonderera munthu. "Ndalakwa. Chakacho José akonza. Ndisonyezeni pomwe agona, ndiwapepese."

"Ayi."

"Ndi mayi anga."

"Ndinati ndikufikitsani pamiyala. Ndakufikitsani. Dzuwa likafika apo tibwerera."

Anatembenukira kumtsinje n'kuyamba kupota fodya.

Constância anazungulira Mafuwa onse. Anafunafuna mtumbira, mulu wa miyala, kamtengo kozikidwa, chilichonse. Panalibe. Américo anali atasalaza malowo dala nthawi ya nkhondo, kuti anyamata a mfuti asadziwe kuti pano pamakhala anthu, ndipo mvula ya zaka zisanu ndi chimodzi inamaliza ntchitoyo. Paliponse panali mchenga, masamba ouma ndi mapazi a mbalame. Anasuzumira m'ming'alu, anakanda pansi ndi zala, minga inamung'amba m'miyendo. Anazungulira kachiwiri. Misozi imene inayamba ngati chisoni inasanduka ukali, ndipo Constância wa pamsika uja anabwerera.

"Khala nawo!" anakuwa. "Uwadye ngati ufuna. Mtima wako ndi wouma kuposa miyala iyi, n'chifukwa chake unatha kukhala nayo. Ine ndizika mtandawu pomwe ndafuna, Mulungu akudziwa pomwe ali."

"Zikani," anayankha Américo osacheuka. "Muzikapempherera mchenga."

Constância ananyamula mtanda n'kuyang'ana malo ofewa. Pakati pa mizu ya kachere ndi mwala wachiwiri panali kamalo kafulati, kamthunzi, koyang'ana kumtsinje. Analunjika kumeneko mwaukali, akupukuta mamina ndi kuseri kwa dzanja. Anadumpha muzu woyamba, anadumpha wachiwiri, n'kutukula phazi kuti aponde pamchengapo.

"Osaponda pamenepo!"

Mawuwo anagunda m'miyala n'kubwerera. Américo anali ataimirira, fodya atagwa pansi, dzanja lili m'mwamba. Sanali kuyang'ana kumtsinje konse, nthawi yonseyi ankamutsatira ndi ngodya ya diso. Anayang'anizana. Nkhope ya Américo inagwa, ndipo anatukwana pansipansi, kudzitukwana yekha.

Constância anabweza phazi lake pang'onopang'ono. Anaika mtanda pambali, anagwada pamuzu, n'kuyang'ana kamalo kaja. Kanali kakang'ono zedi, kosakwana n'komwe mphasa. Amake anali atachepa chotere.

"Kumutu ndi kuti?" anafunsa.

Américo anatola chipewa chake, anachikung'untha, anachivala. Constância anadikira, osafunsanso. Mtsinje unkangosokosera. Patapita nthawi yaitali, mlongo wakeyo analoza ndi chibwano cha kumwala.

"Uko. Ndinawagoneka chammbali, nkhope kuyang'ana kudooko. Anandipempha okha, akuti kuti mukamabwera akuoneni msanga."

Pamenepo Constância anagwa chafufumimba pambali pa mandawo n'kuyamba kulira maliro, mokweza, kuitana amake ndi kuwauza kuti wafika. Américo anatsikira kumtsinje, anakhala pathanthwe atamufulatira, ndipo sanabwere kudzamutonthoza.